Mutu wanga unaulula ine ndisanakonzeke

Chotupa cha m'bere chimabisika. Ndinapita kuchipatala, anandichotsa kanyama kukayeza, zotsatira zinabwera, ndinachitidwa opaleshoni, ndipo nthawi yonseyo odziwa anali amuna anga, achemwali anga ndi abwana anga a kuntchito basi. Chilonda cha opaleshoni chimakhala m'kati mwa malaya. Ukavala bwino n'kumwetulirako pang'ono, palibe wokuloza chala. Ine ndinkafuna zikhale choncho. Sikuti khansa ndinkachita nayo manyazi, ayi. Ndinkangofuna kuti woti ndimuuze ndizimusankha ndekha, tsiku lomuuza ndisankhe ndekha, mawu omuuzira ndisankhenso ndekha. Pa zonse zimene kemo (chemotherapy, mankhwala amphamvu olimbana ndi khansa) anandilanda, chimene chinandiwawa kwambiri ndi ufulu umenewu. Tsitsi litathothoka, mutu wanga unayamba kuuza aliyense, ngakhale munthu wongodutsana naye pamsewu. N'chifukwa chake ndikulemba za tsitsi, ngakhale ndikudziwa bwino kuti pa matenda ano pali zazikulu zoposa tsitsi.

Tsiku londifotokozera za kemo, adokotala analemba zonse papepala. Gawo loyamba linali la mankhwala awiri, doxorubicin ndi cyclophosphamide, kamodzi pa milungu itatu iliyonse. Gawo lachiwiri linali la paclitaxel, mlungu ndi mlungu. Zonse pamodzi, pafupifupi theka la chaka. Ananena za nseru, za kutopa, za zilonda za m'kamwa, za magazi, ndi za mtima umene anayenera kuuyeza kaye, popeza doxorubicin akachuluka m'thupi amafooketsa minofu ya mtima. Ine ndinkangogwedeza mutu, funso langa lili pakhosi. Nditalitulutsa, sanazungulire.

"Mayi, ndi mankhwala awa lithothoka, ndipo lithothoka lonse. Muyembekezere pakati pa mlungu wachiwiri ndi wachitatu mukalandira koyamba. Koma lidzameranso."

Mpaka lero ndimawathokoza chifukwa cha yankho limenelo. Si kemo aliyense amene amathothola tsitsi. Ena amangolipepuza, ena salikhudza n'komwe. Koma doxorubicin amathothola pafupifupi aliyense, ndipo akanandiuza kuti "mwina inu sizikuchitikirani" pofuna kunditonthoza, ndikanataya mphamvu zanga poyembekezera chinthu chosatheka. Mphamvu nthawi imeneyo ndinali nazo zochepa, zosayenera kumwazidwa.

Chifukwa chake anandifotokozera ndi anesi, ndipo kumvetsa kumeneko kunandigwira mtima kuposa mawu onse olimbikitsa amene ndinamva pambuyo pake. Khansa ndi maselo amene akugawikana osaleka. Mankhwala a kemo amawononga selo limene likugawikana, koma sadziwa kuti ili ndi la khansa, ili ndi labwino. Tsono m'thupi muli malo ena amene maselo ake amagawikana mofulumira mwachibadwa: m'mafuta a m'mafupa mmene mumapangidwa magazi, m'khungu lofewa la m'kamwa ndi la m'matumbo, komanso m'mizu ya tsitsi. Pamutu pa munthu pamakhala tsitsi pafupifupi 100,000, ndipo pa nthawi ina iliyonse 85 mpaka 90 pa 100 lililonse limakhala likukula. Mankhwala akafika pamuzu, tsitsi limene muzuwo ukupanga limatuluka lowonda ndi lofooka, kenako limaduka. N'chifukwa chake limagwa lambiri nthawi imodzi. Koma muzu weniweniwo sufa. Pali timaselo tina timene timaubala, timene timakhala phee osagawikana kawirikawiri, ndipo mankhwala amatilambalala. Tsitsi latsopano limachokera kumeneko.

Pali mawu amene anthu amakonda kunena, akuti tsitsi likathothoka ndiye kuti mankhwala akugwira ntchito. Amanena ndi mtima wabwino koma si zoona kwenikweni. Kuthothoka kumangosonyeza kuti mankhwala afika pamizu ya tsitsi. Za chotupa amadziwa ndi madokotala akayeza. Ndinakhala m'chipinda chimodzi ndi abambo ena amene mankhwala awo sankathothola tsitsi, ndipo mawu amenewa anawasowetsa tulo poganiza kuti awo sakugwira.

Doxorubicin ndi wofiira kuti psuu. Sangomupachika pa diripi n'kuchokapo. Anesi amakhala pambali pako ndi jakisoni wamkulu, n'kumakankha pang'onopang'ono, maso ali pamtsempha, chifukwa mankhwalawa akatayikira kunja kwa mtsempha amawotcha mnofu. Ankabaya dzanja la mbali imene sinachitidwe opaleshoni, ndipo pakapita kanthawi ankafunsa, "Mayi, pakuwawa? Pakutentha? Mukamva kalikonse munene msanga, musapirire." Mkodzo umatuluka wofiira tsiku limodzi kapena awiri, ndipo akapanda kukuchenjeza ukhoza kuganiza kuti ndi magazi. Cyclophosphamide yekha amafuna madzi ambiri akumwa kuti asakhalitse m'chikhodzodzo.

Usiku wina wosowa tulo ndinawerenga kumene mankhwalawa anachokera. Wofiirayu anachokera ku tizilombo ta m'dothi la ku Apulia, kum'mwera kwa Italy. Cyclophosphamide ndi pachibale ndi mpweya wapoizoni wa mustard umene unagwiritsidwa ntchito pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse. Madokotala anaona kuti asilikali amene anaupuma maselo awo oyera a magazi ankatha, ndipo mu 1942, ku Yale, Louis Goodman ndi Alfred Gilman anayesa mankhwala a mtundu umenewo pa munthu wodwala khansa. Kemo anayambira pamenepo. Ena zimenezi zingawachititse mantha, koma ine zinandimasula. Ndinasiya kudziona ngati wofooka pamene ndinkalephera kudzuka pabedi. Chimene chinkalowa m'mitsempha yanga chinali champhamvudi, ndipo thupi langa linali ndi chifukwa chotopera.

Za masiku otsatira kemo sindinena zambiri. Nseru inalipo, koma ondansetron ndi dexamethasone ankaigwira ndithu, makamaka ukamwa pa nthawi yake osadikira kuti nseru iyambe. Ondansetron amadzimbitsa, dexamethasone amathamangitsa tulo. M'kamwa munkamveka chitsulo, ngakhale madzi akumwa ankasintha. Ndinkagona, ndinkadzuka, ndinkagonanso. Pofika mlungu wachiwiri mphamvu zinkayamba kubwerera.

Ndiye tsitsi. Masiku oyamba silinasinthe n'komwe, ndipo ngakhale adokotala ananena mosabisa, kamtima kena kankanong'ona kuti mwina ine ndapulumuka. Choyamba kubwera sikunali kuthothoka koma ululu. Khungu la pamutu linayamba kuwawa ngati munthu wakuluka mothinitsa kwambiri, moti kugona pa pilo kunali kovuta, ndipo mphepo ikagwedeza tsitsi ndinkamva mpaka m'mizu. Za ululu umenewu palibe anandiuzako, koma ambiri amene ndacheza nawo anaumva. Kenako la m'khwapa ndi la malo obisika linapita mwakachetechete. La pamutu linatsatira. Silinkagwa limodzilimodzi monga limachitira popesa. Ndikangogwira, dzanja linkadzaza. Linali pa pilo, pakolala, m'bafa, m'mbale, pa yunifolomu ya mwana. Sindinkamva kuwawa likamachoka, linkangotsetsereka, ndipo chimenecho n'chimene chinkandiopsa. Chinthu chimene wakhala nacho moyo wako wonse chikungokusiya popanda kukana.

Mwana wanga wamkazi anali ndi zaka 8. Ndinamuuza tsitsi lisanayambe kugwa, ndipo aliyense amene ali ndi ana ndimamulangiza kuchita chimodzimodzi. Mwana akadzidzimuka ndi mutu wa mayi ake, amadzipangira yekha nkhani, ndipo nkhani za ana zimakhala zoopsa kuposa choonadi. Ndinamuuza kuti mankhwala amene ndikulandira ndi amphamvu, akuthamangitsa matenda, koma athothola tsitsi langa kwa kanthawi. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Amayi, ndikagona nanu lithothokanso langa?"

"Ayi mwanangu, sizipatsirana. Ukhoza kundikumbatira, ukhoza kundigwira mutu."

"Nanga kusukulu mudzabwera choncho?"

Funso lachiwirili linandilasa, koma linali lachilungamo. Nayenso anali ndi anthu ake oti awauze kapena asawauze. Tinagwirizana kuti kusukulu kwake ndizipita nditavala wigi mpaka iye atanena kuti wakonzeka. Zinamutengera nthawi, ndipo sindinamufulumizitse.

Nditaona kuti kudikira kukundidya, ndinaitana achemwali anga. Anabwera ndi makina ometera, osati lezala, chifukwa anesi anali atandichenjeza kuti chitetezo cha m'thupi chikatsika, kabala kakang'ono kakhoza kulowetsa matenda. Anayamba kudula ndi sizasi, manja akunjenjemera.

"Achemwali, musalire, mundiliritsa."

"Sindikulira iwe, khala bwino ndingakucheke."

Ankalira. Inenso ndinalira. Koma atamaliza, ululu wa pakhungu uja unachepa tsiku lomwelo, ndipo ndinagona tulo tabwino kwa nthawi yoyamba m'masiku angapo. Sindikunena kuti aliyense amete. Ndikudziwa amayi amene anasunga katsitsi kalikonse mpaka komaliza, ndipo anali ndi zifukwa zawo. Kwa ine kumeta kunali kusankha ndekha tsiku ndi munthu, m'malo moti zindichitikire pang'onopang'ono m'bafa ndili ndekha.

Amuna anga sananene zambiri. Anatenga tsache n'kusesa. Usiku anandifunsa ngati nawonso amete mpala kuti tikhale awiri. Ndinawakaniza. "Ayi bambo, inu mukhale mmene mulili. Ndikufuna ndikakuyang'anani ndizione kuti m'nyumba muno zina sizinasinthe." Pali odwala amene amalimba mtima abale awo akameta nawo, ndipo ndi chikondi chenicheni. Koma funsani kaye. Ine sindinkafuna kuona khansa pankhope ya munthu aliyense wa m'nyumba mwanga.

Tsopano ndinene za mawu amene ndinawamva kambirimbiri: "Ndi tsitsi chabe, limeranso, chachikulu ndi moyo." Mawuwa alibe bodza. Inenso ndinkadziwa kuti chachikulu ndi moyo, nanga si ndine amene ndinkakhala pampando uja mankhwala ofiira akulowa m'dzanja? Ndinali nditasankha kale moyo. Vuto la mawuwa ndi lakuti amatseka pakamwa. Akakuuza choncho sungathenso kunena kuti zikukupweteka, chifukwa uoneka ngati wokonda kudzikongoletsa kuposa kuchira. Ndiye umameza. Umalira kubafa, n'kutuluka ukumwetulira.

Chimene ndinkalira sichinali kukongola kokha, ngakhale kukongolako kunalimo ndipo sindikuona cholakwa pamenepo. Ndinkalira kuti pagalasi pankaoneka munthu wodwala. Tsitsi lisanapite, pankakhala maola amene ndinkaiwala. Ndinkatha kuphika, kuwerenga, kukangana ndi mwana za homuweki, osakumbuka khansa. Mutu uli see, kuiwala kunatha. Galasi la kubafa, zenera la galimoto, foni ikazima, paliponse ndinkakumana ndi matenda anga. Ndipo anthu ena nawo ankakumana nawo asanakumane ndi ine. Munthu amene dzulo ankakupatsa moni n'kukufunsa za ntchito, lero akupendeketsa mutu, akutsitsa mawu, akukugwira phewa. Wina akukuona n'kupatukira njira ina chifukwa akusowa chonena. Wina akuyamba kukusimbira za azakhali ake amene anadwala khansa, mmene anavutikira, ndi mwezi umene anamwalira. Sindikudziwa chimene chimawakankha anthu kutero, koma chonde, nkhani imene mapeto ake ndi maliro musamufotokozere munthu amene ali pa kemo.

Amene anandithandiza ndi amene sanayese kuchepetsa. Mnzanga wina wa kuntchito atandiona koyamba anangoti, "Pepa mnzanga, zimenezi ndi zowawa." Basi. Kenako anandifunsa za malipoti amene tinkayenera kutumiza Lachisanu. Tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba ndili munthu.

Ndinaphunzira kukonzeratu mayankho. Kwa ongofuna kudziwa ndinkati, "Ndikulandira chithandizo, zikuyenda, koma lero sindikufuna kukamba zimenezo." Poyamba ndinkaona ngati ndi mwano. Si mwano. Mutu ukhoza kuulula kuti ukudwala, koma dzina la matenda, kukula kwake ndi zimene adokotala anena zimakhalabe zako. Kwa obweretsa mankhwala azitsamba ndi mabotolo a mavitamini, omwe anali ambiri, ndinkathokoza n'kunena kuti ndikafunsa kaye kuchipatala. Apa sindinkasewera. Zitsamba zina zimasokoneza mmene chiwindi chimagayira mankhwala a kemo. Chodziwika bwino ndi St John's wort, chimene chimachepetsa mphamvu ya mankhwala ena a khansa m'magazi. Chilichonse chimene mukufuna kumwa, ngakhale chioneke chosalakwa bwanji, adokotala adziwe.

Pali zing'onozing'ono zimene munthu watsitsi saziganizira. Mutu wopanda tsitsi umazizira, makamaka usiku, moti ndinkagona ndi kachipewa kofewa ka thonje ngakhale kukutentha. Masana dzuwa limawotcha khungu limene silinaonepo dzuwa, ndipo kemo amalichititsa kupsa msanga, choncho chipewa kapena mafuta oteteza ku dzuwa n'zofunika. Khungulo limauma n'kumayabwa. Ine ndinkasamba ndi sopo wosanunkhira n'kudzola mafuta wamba opanda pefyumu. Tsitsi la m'mphuno nalo limapita, ndiye mphuno imangochucha popanda chimfine, ndipo kansalu sikachoka m'manja. Wigi ndinagula tsitsi lisanathothoke kuti ifanane ndi mmene anthu ankandidziwira. Inandithandiza kuntchito ndi kusukulu kwa mwana, koma imatentha, imayabwa, ndipo pamutu posalala imatsetsereka ukapanda kuvalira kachipewa kopyapyala m'kati. Tsiku lonse ndinkangoiganizira, kuti kodi yapendekeka, kodi akuiona. Ndikafika pakhomo inali yoyamba kuvulidwa. M'kupita kwa nthawi ndinakonda mipango ya thonje, chifukwa yoterera siikhala pamutu wopanda tsitsi. Masiku ena kunyumba ndinkangokhala mutu uli pamtunda. Zonsezi ndinkasintha malinga ndi mphamvu za tsikulo, ndipo sindivomereza maganizo akuti woyenda mpala ndiye wolimba mtima, wovala wigi ndiye wobisala. Aliyense akudziteteza mmene angathere.

Koma pamene maso anga anali pa tsitsi, choopsa chenicheni chinali kwina. Mankhwala omwewo amene amagwira mizu ya tsitsi amagwiranso mafuta a m'mafupa, ndipo maselo oyera, asilikali a m'thupi aja, amatsika kwambiri pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 ukalandira kemo. Kunja sukuoneka chilichonse, mwinanso ndi nthawi imene ukuyamba kupezako bwino. Anesi anandiuza kuti ndigule themomita ndipo anandilembera nambala papepala: 38. "Mayi, thupi likatentha kufika apa musadikire kuti kuche. Musamwe panado kuti muone kaye. Bwerani." Usiku wina ndinayamba kunjenjemera. Ndinayeza, inali itadutsa 38. Amuna anga sanafunse kawiri. Kuchipatala anayeza magazi, anapeza kuti asilikali atsikiratu, ndipo anandiika pa diripi ya mankhwala opha tizilombo usiku womwewo. Ndinagonekedwa, kemo wotsatira anamusuntha, ndipo kuyambira pamenepo ankandibaya filgrastim, jakisoni wothandiza kuti maselo oyera abwerere msanga. Amawawitsa mafupa, makamaka m'chiuno ndi kumsana, koma ndinkamulandira ndi manja awiri. Matenda amene munthu wabwinobwino angachire osamwa kanthu, kwa munthu wopanda asilikali akhoza kumupha m'maola ochepa. Ngati m'nyumba mwanu muli wodwala amene ali pa kemo, nambala imeneyo aliyense aidziwe, ngakhale ana.

Paclitaxel anandipeza nditazolowera mutu wanga. Mankhwala amenewa anachokera ku khungwa la mtengo wotchedwa Pacific yew, wa kumadzulo kwa North America, ndipo Monroe Wall ndi Mansukh Wani ndi amene anafalitsa kapangidwe kake mu 1971. Nseru yake inali yochepa, koma anabwera ndi zake. Zala za kumanja ndi kumapazi zinayamba dzanzi ndi kubayabaya, mabatani a malaya anayamba kundivuta, zikhadabo zinada n'kumathetheka. Dzanzi limeneli musalibise poopa kuti akuimitsani mankhwala. Madokotala amatha kuchepetsa mlingo, ndipo likanyalanyazidwa limatha kukhalitsa.

Pa gawo limeneli ndi pamene nsidze ndi tsitsi la m'zikope zinapita, ndipo kunena zoona izi zinandipweteka kuposa tsitsi la pamutu. Mutu umaphimbika, nkhope siphimbika. Popanda nsidze nkhope imataya mawu ake. Ukadabwa sizioneka, ukakwiya sizioneka, umangooneka wotopa. Maso ankalengeza misozi ndi kafumbi kalikonse, thukuta linkatsikira m'maso mwachindunji. Achemwali anandiphunzitsa kujambula nsidze ndi pensulo, timizere tating'onoting'ono m'malo mwa mzere umodzi, ndipo ndinayamba kuvala magalasi okhala ndi felemu yakuda amene ankabwezeretsa malire a nkhope. Ndikanakonda kuti za nsidzezi azinena pa tsiku loyamba lomwe, pamodzi ndi za tsitsi, chifukwa ambiri zimatipeza titaganiza kuti zothothoka zatha.

Ena amandifunsa za zipewa zoziziritsa mutu. Zilipodi. Wodwala amavala chipewa chozizira kwambiri asanayambe kemo, pa nthawi ya kemo ndi kwa kanthawi akamaliza. Kuzizirako kumafinya timitsempha ta pakhungu, choncho mankhwala ofika pamizu amachepa. Ku America bungwe loyang'anira mankhwala la FDA linavomereza makina a DigniCap mu 2015 ndi a Paxman mu 2017. A Paxman anayambira ku Huddersfield, ku England, m'banja limene ntchito yake inali yopanga makina oziziritsira mowa, mayi wa m'banjamo atathothoka tsitsi ndi kemo. Pa kafukufuku wina amene anafalitsidwa mu 2017, pafupifupi theka la amayi amene anavala chipewacho anasunga tsitsi lokwanira, pamene mwa osavala palibe anasunga. Koma zimayenda bwino ndi mankhwala a gulu la paclitaxel kusiyana ndi a gulu la doxorubicin, zimapweteketsa mutu, zimatalikitsa nthawi yokhala kuchipatala, ndipo si chipatala chilichonse chili nazo. Ine sindinagwiritse ntchito. Amene muli ndi mwayi wake funsani musanayambe kemo woyamba, chifukwa pambuyo pake mwachedwa.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena kuti mu 2022 amayi pafupifupi 2.3 miliyoni anapezeka ndi khansa ya m'mawere padziko lonse, ndipo pafupifupi 670,000 anamwalira nayo. Ndikaona manambala amenewa ndimakumbuka mtsikana amene ndinakhala naye pabenchi yodikirira, wamng'ono kwa ine ndi zaka zambiri, tsitsi lake lalitali lolukidwa bwino. Anali atabwera kudzamva za kemo, ndipo anandinong'oneza kuti sabweranso. Bere anali atalolera kale kuti lichotsedwe, koma tsitsi ayi. Anati chibwenzi chake sichingapirire, ndiponso anthu onse adziwa. Sindinamuuze kuti ndi tsitsi chabe. Ndinamuuza kuti ndikumumva, kuti zimawawadi, ndipo kuti maselo a khansa amene angakhale atatsala m'thupi saoneka ndi maso, ndiye kemo ndi wa amenewo. Kenako ndinamasula mpango wanga pomwepo pabenchi n'kumuuza kuti agwire. Anagwira mwamantha, kenako anafunsa ngati kumeta kumawawa, ndi komwe angapeze wigi yofanana ndi malukidwe ake. Patapita milungu ndinamuona m'chipinda cha kemo, diripi ili padzanja. Sitinakambe zambiri, anali ndi nseru. Pabenchi paja kanali koyamba kuvula mpango pagulu, ndipo ndinavula chifukwa ndinafuna.

Tsitsi linayamba kubwerera patapita milungu ingapo kemo atatha. Poyamba kanali kaubweya kofewa kopanda mtundu, kooneka pokhapokha kuwala kukachokera kumbali. Kenako linada pang'ono, koma imvi zinachuluka kuposa kale, ndipo linali lofewa mwachilendo. Zimenezi zimachitikira ambiri. Wa tsitsi lowongoka limatha kumera lopotana, mtundu umatha kusintha, ndipo nthawi zambiri pakapita chaka kapena kuposerapo limabwerera mwakale. Limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, ndipo palibe mafuta odula amene angalithamangitse. Anandilangiza kuti ndisalithire mankhwala owongola kapena osintha mtundu kwa miyezi pafupifupi 6, chifukwa khungu ndi tsitsilo zimakhala zanthete. Kwa anthu ochepa, makamaka amene analandira kemo wina wotchedwa docetaxel, silibwerera lonse. Ngati papita theka la chaka mutu udakali wopepuka, uzani adokotala, chifukwa pali zimene angayeze ndi zimene angayese. Nsidze zanga zinamera, zinathothokanso kamodzi, kenako zinakhazikika.

Chimene sindinachiyembekezere n'chakuti tsitsi litamera anthu anaona ngati nkhani yatha. "Mwachiratu tsopano, taonani tsitsi!" Mafoni ofunsa za moyo anachepa, ntchito zinabwerera zonse pa tebulo langa, ndipo kunyumba nakonso anayamba kundidalira monga kale. Sindikuwaimba mlandu, amaona zimene maso akuwaonetsa. Koma kutopa kwa kemo sikutha pamodzi ndi diripi yomaliza. Ndikafika masana thupi limangoti lefu. Mawu ena amandithawa pakati pa chiganizo, ndipo zinthu zimene kale ndinkazisunga m'mutu pano ndimazilemba. Msambo unasiya ndili pa kemo, ndipo tamoxifen wothandiza kuti khansa isabwerere, amene ndikumwa tsiku ndi tsiku, woti ndimwe zaka zosachepera 5, amanditenthetsa thupi usiku mpaka kunyowetsa zofunda. Zala za kumapazi zidakali ndi dzanzi, moti nsapato ndimasankha zogwira bwino kuti ndisapunthwe. Tsiku lokayezetsa likamayandikira tulo timasowa.

Ndiye ndayambanso kufotokoza, ulendo uno mwa kufuna kwanga. Amuna anga ndinawauza kuti Loweruka masana ndizigona ndipo pasakhale wondidzutsa. Achemwali ndinawapempha kuti azindiperekezabe kokayezetsa ngakhale ndikuoneka wamphamvu. Mlungu wamawa ndikaonana ndi abwana kuti tikambirane zoti ntchito zofuna kuganiza kwambiri ndizizigwira m'mawa, ndipo masiku awiri pamlungu ndiziweruka msanga mpaka chaka chino chithe. Kalata ya adokotala yonena za kutopa ndi dzanzi ndatenga kale.